Tusajigwe Satchula Moto

Tusajigwe anasiya kutchula moto nyengo imene mbatata za kachewere zinachita maluwa ku Isongole. Sanauze munthu, ngakhale Ambokile, mnyamata amene anachititsa zonsezi. Anangoyamba kuwalambalala mawuwo ngati chitsime chopanda chivundikiro. Akafuna kuphika ankati akusonkha choyaka. Njinga yamoto inasanduka njinga yaphokoso, galimoto inasanduka chamatayala, ndipo phiri la Ngosi, limene akuti kale linkalavula moto, iye ankangoti phiri lija.

Nkhani yonse inali pa dzina. Bambo ake a Ambokile anali a Mwamoto, ndipo kwathu kuno mtengwa satchula dzina la apongozi ake aamuna kapena mawu ofanana nalo. Sawayang'ananso kumaso. Ndi mwambo wokalamba, atsikana a lero amangoumva ngati nthano. Tusa anauyamwa kwa malemu amayi ake, amene mpaka kumwalira sanatchulepo mvula, ankangoti madzi akumwamba. Tsiku limene Ambokile anamugwira dzanja n'kumuuza kuti sadzakwatira wina, mtima wa Tusa unakwatiwa pomwepo, lilime n'kutsatira.

Koma ng'ombe za malowolo zinali zisanatuluke m'khola, ndipo mtsikana woopa dzina ng'ombe zisanabwere amasekedwa kuti wavina ng'oma isanalire. N'chifukwa chake ankabisa.

Ng'ombezonso sizinkaoneka kuti zidzatuluka. Awiriwa ali ana, a Mwamoto analowa m'nkhalango ya Ngosi kukafula uchi ndi mnzawo wa ponda apa nane mpondepo, a Mwandemele, bambo ake a Tusa. Madzulo anabwera a Mwandemele okha, n'kunena kuti nkhungu inawalekanitsa m'dzenje la phirimo. Anthu anafunafuna mpaka kutopa. Mapeto ake anakwirira thunthu la nthochi m'malo mwa munthu, ndipo kuyambira pamenepo amake Ambo sanapatsenso moni aliyense wa kwa Mwandemele. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Apa zinatembenuka, anadya akulu, opotokola m'mimba ndi ana.

*

Amene anayamba kuzindikira anali Sekela. Ameneyu ankaimba kwaya, mawu okoma, mtima wa singano. Ankamufuna Ambokile poyera, ndipo tsiku lililonse ankapezeka kwa amake Ambo akusenda nthochi ngati anatumidwa.

Tsiku limenelo analowa m'kanyumba kamene Tusa ankagulitsamo tiyi ndi mandazi, anthu ali odzaza.

"Tusa, tiyi wako wazizira ngati mphuno ya galu. Mbaula yako ilibe chiyani kodi?"

"Makala alimo."

"Sindikufunsa makala ine. Chija chofiira chimawotcha anthu chija, dzina lake n'chiyani?"

"Imwa tiyi, Sekela, ungachedwe ku kwaya."

"Mwamva anthuni?" Sekela anatembenukira kwa anyamata a njinga amene anakhala pabenchi. "Ine ndakhala ndikumutchera khutu mwana uyu. Mawu amenewa amamutsamwa pakhosi. Tatchula tione, ndikugulira mandazi ako onse."

Anyamatawo anaseka, wina n'kuti, "Tchula Tusa, tidye zaulere!"

Tusa anapukuta kapu imene inali yopukuta kale. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu.

Sekela anatsitsa mawu, koma osati kwambiri moti ena asamve. "Munthu saopa dzina popanda chifukwa. Amaopa dzina limene linasiya magazi pakhomo pawo. Mlandu suwola, mnzanga."

Dzuwa lisanalowe, lamya ya Tusa inalira. Unali uthenga wa Ambokile: "Mawa m'mawa tikumane pachipata cha nkhalango. Valani nsapato zolimba."

Valani! Munthu amene ankamutcha iwe chikhalire, lero wamupatsa ulemu ngati mlendo. Tusa anadziwa kuti mlomo wa Sekela wafika kale. Anayankha kuti, "Ndibwera, iwe." Yankho silinabwerenso.

*

Ambokile ankaidziwa nkhalango ya Ngosi ngati m'thumba mwake. Ankati amalowamo kuperekeza alendo, koma mudzi wonse unkadziwa chimene ankafunamo. Anali patsogolo, chikwanje m'manja, osacheuka. Anadutsa m'nthochi zam'tchire zazitali kuposa nyumba, analowa m'nsungwi zimene zinkalira ngati zitseko zakale mphepo ikawomba. Dothi linali lofewa, laphulusa, loterera. Pamwamba pa mitengo anyani akuda amichira yoyera anawayang'ana osathawa.

"Ambo, ukuthamangira kuti? Ndakulakwira chiyani?"

"Tikalankhulira pamwamba."

Pamwambapo nkhalango inathera pamphepete mwa phompho. Pansi patali, m'kamwa mwa phirimo, munagona nyanja yobiriwira, yopanda bwato, yopanda funde, yopanda mwana wosamba. Tusa anali atafikapo kale kangapo, koma nthawi zonse ankamva ngati madziwo ndi amene akumuyang'ana iye.

Ambokile anazika chikwanje pansi. "Ndili ndi pempho limodzi. Tchula dzina la bambo anga."

"Ambo..."

"Si langa ndikufuna. La bambo anga."

"Sindingathe."

"Chifukwa?"

Apa mpamene munthu wanzeru akanangonena. Mawu ochepa okha: ndikuwalemekeza ngati apongozi. Koma chikondi ndi manyazi zikakumana pakhosi limodzi, sipadutsa kanthu. Akanayamba bwanji kudzitcha mkazi wa munthu amene akumuyang'ana ngati wakuba? Tusa anaweramitsa mutu.

"Ndiye n'zoona," anatero Ambokile. "Amayi anandiuza kalekale kuti kwanu kuli chimene mukudziwa, ine ndinkakana. Ndinkakuteteza iwe! Bambo ako anakuuza chiyani? Anawakankha? Anawasiya akupuma?"

"Bambo anga si opha munthu."

"Tiye tikaone pamene anawasiya. Ukanene mawu amenewo uli pomwepo."

Tusa ankaopa dzenjelo kuposa imfa. Koma anaona kuti akakana, wataya Ambokile. Anamanga chitenje m'chiuno n'kugwira muzu woyamba.

*

Kutsika m'dzenje la Ngosi sikuyenda, n'kulendewera. Anatsetsereka ndi matako, akugwira mizu ndi zilambe, miyala yopepuka ikugumuka pansi pa mapazi awo n'kugwa osamveka pofikira. Akamatsika, mbalame zinkachepa. Kenako kunangoti zii. Mpweya unali ndi kafungo ka mazira owola, ndipo pakadzenje kena Tusa anaona timbalame takufa titagona pamodzi, nthenga zili bwinobwino.

"Usawerame pamenepo," anatero Ambokile, akumukoka mkono. "Mpweya wake umagoneka munthu."

Ngakhale anali wokwiya, dzanja lake linachedwa kumusiya. Tusa anazisunga mumtima.

Anafika pakamalo kosalala, pamene panali mtengo waukulu wamphako. "Ndi pano," anatero mnyamatayo. "Njuchi zinali mmenemu."

Asanawonjezere mawu, nkhungu inakwera kuchokera kunyanja. Sinabwere pang'onopang'ono ayi. Mtengo unasowa, phompho linasowa, dziko lonse linangoti mbuu. Ndipo m'kati mwa kuyerako munamveka mluzu. Unali wautali, wotsika, n'kudukiza kumapeto, ngati wa munthu woitana mbalame ya uchi.

Ambokile anauma. "Wamva?"

"Ndi mbalame, Ambo."

"Mbalame siiliza choncho. Ababa ankandiitana choncho ndili mwana." Mluzu unamvekanso, cha kumunsi. "Khala pompano. Usasunthe!"

"Ambo, usandisiye!"

Nkhungu inali itamumeza kale. Tusa anamva nthambi zikuthyoka, kenako mawu ake akuitana "Ababa! Ababa!" akunka nachepa mpaka kutheratu. Anakhala pansi, msana pamtengo, nkhungu ikumunyowetsa kumaso. Anayesa kupemphera, mawu anabalalika.

Pamenepo anamva fungo la utsi. Utsi wa udzu wauwisi, umene amafukizira njuchi.

Wina anatsokomola pafupi. Sanali Ambokile. Chinali chifuwa cha munthu wamkulu.

"Iwe ndiwe mwana wa Mwandemele," anatero mawu, ofatsa, okhuthala ngati a munthu amene sanalankhule nthawi yaitali. "Wakula."

Tusa anali atazolika kale ndi mantha, choncho choyamba kuona anali mapazi. Anaima pafupi moti akanatha kuwakhudza. Anali opanda nsapato, ong'aluka, otuwa ndi phulusa. Phazi lamanzere linalibe chala chachikulu. Thupi lonse la Tusa linachita tsembwe, pakuti Ambokile anamusimbirapo kangati nkhani ya nkhwangwa imene inadya chala cha bambo ake ali mnyamata?

Kungodzutsa mutu kokha! Akanaona nkhope, akanadziwa ngati ndi munthu wamoyo kapena china. Akanathamangira kumudzi n'kufuula kuti bambo anga sanaphe munthu, ndamuona ndi maso angawa. Zaka zonse za kunyozedwa zikanatha ndi kuphethira kumodzi. Khosi lake linayamba kudzuka lokha.

Koma manja anafulumira kuposa khosi. Anamasula chitenje, n'kudzifunditsa kumutu, n'kugwada chopereka msana, monga ankachitira amayi ake akakumana ndi apongozi panjira ya kumadzi.

Kumbuyo kwake kunamveka kaphwete kakang'ono.

"Oho. Zafika pamenepo?" anatero mawuwo. "Ng'ombe zatuluka?"

"Sizinatuluke, bambo."

"Koma wayamba kale kundiopa. Anakulera bwino amako. Tsono poti wadzipanga wekha mwana wa pakhomo panga, ndikutuma. Mawu a apongozi sameza, ukudziwa?"

"Ndikudziwa, bambo."

Mawuwo anayandikira khutu lake. Tusa sanamve mpweya wofunda, sanamvenso wozizira. Anangomva uthenga, ndipo ataumva analakalaka akanakhala gonthi.

Nkhungu itayamba kung'ambika, Ambokile anamupeza akadali chogwada, chitenje kumutu. Pambali pake, patsamba la nthochi, panali chisa cha uchi chikuchucha. M'matope munali phazi limodzi looneka bwino, la zala zinayi.

Mnyamatayo anagwada n'kuika dzanja m'phazimo. Analira ngati mwana. Kenako anamugwira Tusa m'mapewa.

"Anali pano? Wawaona? Akuoneka bwanji? Ali ndi imvi? Ndi amoyo?"

"Sindinawaone."

"Sunawaone bwanji, atakuimira pafupi chonchi?"

"Ndinafunda kumaso."

"Unafunda kumaso!" Anamusiya ngati wagwira mbaula. "Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikukwawa m'phiri muno, iwe Mulungu wakupatsa mwayi, ukufunda kumaso? Unaopa kuti akuzindikira, eti? Tiye kwa amayi. Ukanene wekha."

*

Anafika dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo. Amake Ambo anali m'khitchini, mphika wa nthochi ndi nyama uli pamafuwa. Pambali pawo, mwaganiza bwino, panali Sekela ndi mpeni wake. Kuseri kwa khitchiniyo kunali manda aja. Thunthu anakwirira lija linaphuka n'kusanduka tsinde lalikulu la nthochi, ndipo nthochi zake zinkapsa n'kuwolera pomwepo, palibe ankadya.

"Uyu akufuna chiyani pakhomo panga?" anafunsa mayiwo osamuyang'ana Tusa.

Ambokile anaika uchi uja pansi n'kufotokoza zonse, mluzu, utsi, phazi. Chikombe chinagwa m'manja mwa amayi ake. Sekela anagwira pakamwa, koma maso ake ankawala.

"Ndinanena ine!" anatero. "Dzina akuliopa, nkhope akuiopa. Munthu wosalakwa amabisa maso?"

Amake Ambo anakweza dzanja, Sekela n'kukhala chete. Kwa nthawi yoyamba chiyambire, mayiwo anamuyang'anitsitsa Tusa, amene anagwada pakhomo.

"Unafunda ndi chiyani?"

"Ndi chitenje, amayi."

"Unagwada moyang'ana kuti?"

"Ndinapereka msana."

Mayiwo analoza pamafuwa. "Ichi chikuphika nthochi zangachi n'chiyani?"

"Choyaka, amayi."

"Mwana wanga akapita ku Tukuyu amakwera chiyani?"

"Chamatayala."

"Unayamba liti zimenezi?"

Misozi inatsika. "Tsiku limene anandiuza kuti adzanditenga."

Kenako amake Ambo anatola chikombe chija, anatembenukira kwa mwana wawo n'kumuwomba nacho paphewa.

"Chitsiru iwe! Maso uli nawo awiri, sukuona? Ine ndinakhala pakhomo pano zaka zonsezi, unandimvapo ndikutchula dzina la agogo ako? Mwana uyu sakuopa mlandu. Akulemekeza bambo ako, ng'ombe asanaione ngakhale mchira." Anacheukira Sekela. "Iwe wandisendera nthochi mpaka mpeni kutha, koma dzina la mwamuna wanga umalitchula ngati ukuitana galu wakwanu."

Sekela anawerama n'kupitiriza kusenda nthochi.

Ambokile anakhala pansi pang'onopang'ono. "Tusa, bwanji sunandiuze?"

"Ndikanayamba bwanji? Unali utayamba kale kundipatsa ulemu wa pa lamya."

Mayiwo anaseka, misozi ili m'maso. Anakoka kampando kawo n'kukagogoda. "Lowa, khala apa. Za bambo ako ndi zawo, ndidzalimbana nawo ndekha. Iwe ndiwe wa pakhomo pano. Ambokile, mawa ukawauze abambo ako aang'ono aone ng'ombe."

Anamugwira Tusa dzanja. Chikhatho chawo chinali chofunda, chokhakhala, chonunkhira utsi. Kuyambira pamene amayi ake anamwalira, panalibe mzimayi amene anamugwirapo choncho, ndipo Tusa anamva kuti wafika kumene ankafuna kufika. Chimwemwe chinamudzaza, koma pansi pake panali mwala.

"Tsono ndiuze, mwana wanga," anatero amake Ambo, mawu atatsika. "Analankhula? Ananena chiyani?"

Palibe amene anamva uthengawo kupatula iye. Akanatha kunena kuti anangopereka moni, ng'ombe n'kutuluka mawa lomwe. Anayang'ana Ambokile, amene ankamumwetulira ngati tsiku loyamba. Anayang'ana uchi uja, umene nyerere zinkauzungulira osaukwera. Ulemu umene unamulowetsa m'nyumbamo unali womwewo umene sukanamulola kunama. Munthu sungagwadire apongozi m'nkhalango n'kukameza mawu awo pakhomo.

"Anandituma kwa inu, amayi."

"Nena."

"Anati ng'ombe zawo zisatuluke m'khola mpaka inu ndi bambo anga munene pamaso pa mwana wawo chimene munapangana usiku woti mawa lake akupita ku uchi."

Dzanja lofunda lija linazizira, kenako linamusiya. Amake Ambo sanakalipe, sananene kuti ndi bodza. Anangotembenuza mutu n'kuyang'ana khoma la kumanda kuja, ngati akutha kuona tsinde la nthochi kupyola dothi.

"Amayi," anatero Ambokile, kumwetulira kutachoka. "Munapangana chiyani ndi a Mwandemele?"

Mayiwo analankhula ndi Tusa, mawu ali ochepa ngati a munthu wodwala.

"Mwambo wonsewo unausunga, mwanawe. Koma ukanangosuzumira pang'ono pokha, bwenzi ndikudziwa amene ndimuope, wamoyo kapena wakufa." Anadzuka n'kugwirira khoma. "Ambokile, usapite kwa abambo ako aang'ono. Ng'ombe sizituluka."

Tusa atacheuka kufuna pothawira maso, anapeza pamalo pa Sekela patatsala mpeni ndi makoko a nthochi. Mwini wake anali kale panjira ya kwa Mwandemele, chitenje atakwinya m'manja, akuthamanga.